Kalata kwa mnzanga wa ku Durban amene akufuna dipuloma ya zojambula

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino. Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kuti watsimikiza mtima zokachita dipuloma ya Fine Art ku Durban University of Technology. Dzanja uli nalo, zimenezo palibe angatsutse. Koma wati ndikuuze chilungamo, ndiye ndiyambe ndi chimene chingakugwetse msanga: zithunzi wanditumizira zija pafupifupi zonse wachita kukopera pa foni.

Aphunzitsi a zojambula amazindikira zimenezi akangoponya diso. Kamera imaphwatalitsa chinthu, mthunzi wonse umasanduka wakuda bii, ndipo ukajambula munthu pafupi mphuno imakula kuposa mmene ilili. Wokopera amatengera zonsezo osadziwa. Iwo akufuna kuona ngati umatha kuyang'ana chinthu chimene chili pamaso pako n'kuchiika papepala. Ndiye portfolio yako, ntchito zimene umapereka kusukulu kuti aone luso lako, ikhale ya zinthu zoona ndi maso: nkhope yako uli pagalasi, manja ako, mapazi, nsapato yakutha, mpando utaupachikira malaya, ngodya ya chipinda, anthu ali pamzere wa taxi. Uikemonso kabuku kako ka zoyeserera, kakhale kodzaza ngakhale ndi zolakwika zomwe, chifukwa m'menemo ndi mmene amaonera kaganizidwe kako. Zithunzi za njovu ndi dzuwa likulowa panyanja, zogulitsa kwa alendo zija, uzisiye kunyumba.

Za mapepala ndinene mwachidule, koma uziyambe lero. Dipulomayi ndi ya zaka 3. Satifiketi yako ya MSCE iyenera kupita kaye ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro kumeneko, kuti akaiyerekeze ndi maphunziro a ku South Africa, ndipo zimenezi zimatenga masabata angapo. Mayunivesite aboma a ku KwaZulu-Natal amalandira mafomu kudzera ku CAO, ofesi imodzi yolandirira mafomu a onse ofuna malo. Popeza pasipoti yako ndi ya Malawi, udzafunika viza ya maphunziro, ndipo imeneyi imafuna kalata yoti sukulu yakulandira komanso medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, yolembetsedwa konko. Thandizo la NSFAS, ndalama zimene boma limapereka kwa ophunzira, ndi la nzika za dzikolo, usaliwerengere. Dziwanso kuti fizi ndi ina, ndalama ya zipangizo ndi ina: mapepala, penti, maburashi ndi nsalu umagula wekha chaka chonse.

Chaka choyamba nthawi yambiri imapita ku kujambula ndi pensulo ndi makala. Gula mapensulo a HB, 2B, 4B ndi 6B, makala ojambulira a mtengo wa willow, labala yofewa imene umaikanya ndi zala, mapepala a cartridge a A2 ndi A1, ndi thabwa lopanirapo pepala. Phunzira kuyeza usanafike. Tambasula mkono wonse, chigongono chiwongoke, tsinzina diso limodzi, uike nsonga ya pensulo pamwamba pa mutu wa munthuyo, chala chachikulu chiime pachibwano. Muyezo umenewo ndi mutu umodzi. Munthu wamkulu ataimirira amakwana mitu 7 ndi theka, ndipo pakati pa thupi ndi pamene miyendo yayambira, osati pamchombo. Ukapinda chigongono pang'ono pokha muyezo wasintha, n'chifukwa chake ambiri amatulutsa munthu wa mutu waukulu ndi timiyendo tatifupi. Cholakwika china ndi kuyambira diso, kulikongoletsa ola lathunthu, kenako n'kupeza kuti mapazi alibe malo papepala. Yamba ndi mizere yopepuka ya thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo nsidze ndi zikhadabo zibwere pomaliza. Ntchito ya makala uziiwaza fixative, mankhwala ogwiritsa makala papepala, uli panja, botolo litatalikira masentimita 30, kawiri mopepuka. Mankhwala owaza tsitsi amagwira ndithu, koma pepala limasanduka lachikasu pakapita nthawi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ukambirane ndi alamu usanayambe. M'masukulu a zaluso mumakhala phunziro lojambula munthu wosavala, wamwamuna kapena wamkazi, amene amalipidwa pa ntchito imeneyo. Kwa ife okulira kuno n'zachilendo, ndipo ndi bwino azimve kwa iwe kusiyana ndi kudzaona mapepalawo mwadzidzidzi. M'chipindamo mumakhala ulemu waukulu: foni siituluka m'thumba, palibe kuseka, palibe kumukhudza munthuyo. Cholinga chake n'choti udziwe mmene mafupa ndi minofu zimanyamulira thupi. Wosadziwa zimenezi, ngakhale ajambule munthu wovala suti, mapewa amaoneka ngati mulibe munthu m'katimo.

Tsopano za penti, pamene ndalama zambiri zimathera. Usagule bokosi la mitundu 24. Mitundu isanu ikukwanira chaka chonse choyamba: titanium white chubu chachikulu, yellow ochre, cadmium red, ultramarine (wabuluu) ndi burnt umber (wakhofi). Ultramarine ukasakaniza ndi burnt umber umapeza wakuda wamoyo kuposa wakuda wa m'chubu. Nsalu uzikoka wekha pafelemu, n'kotsika mtengo. Dula kanivasi wa thonje motsalako masentimita 6 mbali iliyonse. Khoma pakati pa mbali imodzi, ukoke n'kukhoma pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, kenako mbali ziwiri zotsalazo chimodzimodzi. Ukatero uzipita cha kungodya pang'onopang'ono, uku ndi uku mosinthana, ngodya n'kuzipinda pomaliza. Ukayambira kungodya nsalu imachita makwinya osatheka kuwachotsa. Paka gesso, penti woyera wotetezera nsalu, kawiri kapena katatu, koyamba wosungunulako ndi madzi pang'ono, ndipo kulikonse usinthe kolowera burashi. Akauma upalepo mopepuka ndi sandipepa yosalala. Usadumphe gesso pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa mafuta a penti akalowa mu ulusi wa nsalu amauwoletsa.

Penti wamafuta ali ndi lamulo lake limene ambiri amalimva ntchito itang'aluka kale. Wapansi akhale wopyapyala, wosungunula ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti; wapamwamba aliyense azikhala ndi mafuta a linseed ochulukirapo kuposa wapansi pake. Chifukwa chake n'chakuti penti wamafuta ambiri amauma mochedwa ndipo amapitiriza kusuntha. Ukaika wouma msanga pamwamba pake, wapamwambayo amalimba wapansi akadayenda, ndiye ming'alu imatuluka. Umber amauma msanga, woyera ndi cadmium amachedwa, nthawi zina kupitirira sabata, ndipo chinyezi cha ku Durban chimachedwetsanso. Uziwerengera zimenezi tsiku lopereka ntchito likamayandikira. Vanishi asapakidwe miyezi 6 isanathe. Penti wamafuta amakhala bwino pamwamba pa acrylic, penti wosungunula ndi madzi, koma acrylic pamwamba pa wamafuta amasupuka. Acrylic akauma amada pang'ono, ndiye uzisakaniza wowalirapo kuposa amene ukufuna, ndipo burashi isagone ndi penti ngakhale mphindi 10, apo ayi yatha ntchito.

Izi ndikupempha usazitenge mopepuka. Turpentine usamagwiritse ntchito m'chipinda chotseka, makamaka chimene mumagona ndi ana. Sanza zonyowa ndi mafuta a linseed ukaziunjika pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Uziziyanika panja zitatambasuka kapena kuziviika m'chitini cha madzi.

Kudinda zithunzi ndikuganiza kuti udzakukonda, ndipo uli m'chigawo choyenera. Sukulu ya zaluso ya ku Rorke's Drift, konko ku KwaZulu-Natal, inatchuka ndi ntchito za lino, chimene ndi chinthu chophwatalala chofewa ngati labala chimene umasemapo chithunzi n'kuchidinda papepala, ndipo Azaria Mbatha ndi John Muafangejo anadutsa kumeneko. Ukaone mmene ankagawira zakuda ndi zoyera popanda mtundu wina uliwonse. Pa lino, chimene wasema chimatuluka choyera, chimene wasiya chimatenga inki, ndipo chithunzi chimatuluka chotembenuka, choncho zilembo uzizisema chobwerera. Lino wozizira ndi wolimba, mpeni umaterereka. Muike padzuwa pang'ono afewe. Dzanja logwirizira likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Inki ikachuluka pa rola imadzaza timizere tating'ono, chithunzi n'kutuluka chothimbirira.

Pa zoumba, dongo ulikanye bwino kuti mpweya utuluke, ndipo chinthu chokhuthala kuposa masentimita 2 ndi theka uchikumbe m'kati n'kuboola kabowo pansi. Chimene chimaphulitsa ntchito mu uvuni kawirikawiri ndi madzi otsalira m'dongo. Likamazizirabe ukaliika patsaya, silinaume. Kuwotcha koyamba kumafika cha m'ma 1000°C, ndipo dongo limachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye uziumba chokulirapo. Fumbi la dongo uzikolopa ndi madzi, osasesa, limawononga mapapo. Pulasitala, ufa woyera woumbira umene umalimba ukausakaniza ndi madzi, amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono ngati ufa pophika nsima, osati madzi kuthira mu pulasitala. Makilogalamu 3 pa malita 2 a madzi ozizira. Polimba amatentha, choncho usayerekeze kumiza dzanja m'menemo kuti uliumbe, ndipo wotsala usamutaye mu sinki.

Kumapeto kwa ntchito iliyonse kumakhala crit. Ntchito zonse zimapachikidwa pakhoma, aphunzitsi ndi anzako n'kumanena zimene akuona iwe uli pomwepo. Zimawawa, makamaka kwa munthu amene wakhala akuyamikiridwa kuyambira ali mwana. Pita ndi kabuku, ulembe zonse, usadziteteze. Udzafunsidwa chifukwa chimene wasankhira kukula kumeneko, mtundu umenewo, nkhani imeneyo, ndipo yankho loti ndinangoona kuti zikukongola silikwanira. Mamalikisi amachokeranso ku ntchito zoyeserera, osati chomalizidwa chokha, ndiye usataye pepala lililonse.

Palinso mbiri ya zaluso, ya zolembalemba m'Chingerezi, ndipo aluso ambiri amagwa pamenepa chifukwa choipeputsa. Kukopera mawu a pa intaneti osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu pasukulu. Apa uli ndi chuma chimene anzako alibe. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zigoba za Gule Wamkulu, ntchito za ku Kungoni ku Mua, malo a zaluso ndi zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zonsezi ungazilembe mozidziwa, bola usamale zimene eni dambwe salola kuti zinenedwe poyera. Loweruka uzipita ku Durban Art Gallery ku City Hall ndi ku KZNSA Gallery ku Glenwood, ukaime pafupi ndi ntchito uone kumene burashi inadutsa.

Mapepala ako usawakulunge ndipo usawatsamiritse kukhoma, chinyezi cha kumeneko chimawachititsa chuku. Uwagoneke m'chikwama chophwatalala, pamalo okwera osati pansi, ndi pepala loyera pakati pa ntchito iliyonse. Iliyonse uijambule ndi foni pamthunzi masana, foni italunjika bwino, n'kulemba tsiku ndi kukula kwake kumbuyo.

Pakutha pa mwezi uno unditumizire zojambula 10 zoona ndi maso, zitatu zikhale za manja ako, kuti tisankhire limodzi zolowa mu portfolio. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa kuno ku Zomba