aPhiri, ndabwerako ku Mkaika

Wawa aPhiri,

Muli bwanji kumeneko ku Joni, alamu ndi ana akudzuka bwanji? Kuno tilipo, kungoti mphepo ya mu Ogasiti yatiwumitsa milomo. Ndangofika kumene kuchokera ku Kulamba, mwambo wa Achewa uja wa ku Mkaika ku Zambia, ndipo njira yonse mu basi ndimangokumbuka inuyo, paja tinkapangana kuti tidzapita limodzi musanatsike kumeneko.

Tinanyamuka ku Lilongwe Lachinayi, kudutsa Mchinji, pa boda ya Mwami, Chipata mpaka Katete, mu basi modzaza anthu a Chewa Heritage Foundation nyimbo osaleka. Tsiku lenileni ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti koma ukafika Loweruka lomwelo wamanidwa zambiri, anthu amayamba kufika masiku angapo m'mbuyo, kumanga misasa ya udzu, kuphika, ng'oma usiku onse. Mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, kupereka mphatso ndi kunena momwe anthu awo akukhalira, ndipo ukamva munthu wa ku Tete akucheza ndi wa ku Kasungu popanda omasulira umachita kuiwala zoti mthumba muli pasipoti. Paja mu 2007 anakumana pomwepo apulezidenti a maiko atatuwa, a Bingu, a Mwanawasa ndi a Guebuza.

Gule ndiye musanene, makanja kutalika ngati mtengo, kasiyamaliro kuzungulira fumbi koboo, anamwali kutuluka ndi anamkungwi awo nthungululu zili wiriwiri. Koma chimene chandikhala pamtima ndi mdala wina wa ku Dedza amene ndinakhala naye pa moto Lachisanu usiku. Amawamba ng'oma yake ya mbalule, kenako kumata phula pakati pa chikopa ndi chala chachikulu, akagogoda pang'ono ndi kutchera khutu, kuonjezera phula, kugogodanso, mpaka anagwedeza mutu kuti eya tsopano yalankhula. Ndinawafunsa za dzina la Gawa Undi, ndiye anandimasulira bwinobwino kuti Kalonga ndi olonga mafumu, Gawa ndi ogawa malo, Undi ndi ofungatira anthu ake. Anakambanso zoti atsamunda analetsa mwambowu mu 1934 ndipo unadzayambanso mu 1984, ndiye taganizani zaka 50 zathunthu, ana anabadwa mpaka kukhala agogo osaonako Kulamba.

aPhiri, achinyamata analipo ambirimbiri, aliyense foni m'mwamba kujambula gule kuti aike pa Facebook ndi TikTok, sindikuwanena ayi nanenso ndinajambula, koma pa moto paja tinalipo anthu anayi basi. Za kudambwe ndi za kudambwe, zimenezo sitikhudza. Ine ndikunena zapoyera zomwe, mayina a ng'oma, nyimbo za pamtondo, mbiri ya a Banda ndi a Phiri, udindo wa Nyangu mayi wa ufumu wa Kalonga, zimene mdala ngati uja akagona zimapita naye. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005, chabwino, koma satifiketi siingakuuze kuti phula likachuluka ng'oma imalira bwanji.

Ndiye ndaganiza kuti chaka chamawa ndidzanyamule kope ndi chojambulira mawu, ndikapemphe chilolezo kwa mafumu ndi eni ake kaye, kenako ndikakhale pansi ndi azigogo masiku atatu onse. Ngati muli ndi foni yakale yogwira bwino mawu munditumizireko pa mabasi a ku Joni aja, yanga batire silichedwa kutha ndipo kotchaja ku Mkaika kumakhala mzere.

Koma chachikulu bwerani ndinu. Pemphani holide msanga, mutenge ndi mwana wanu wamkulu uja amene Chichewa chayamba kumuthawa, adzamve yekha mbalule ikuitana. Mdala uja ndamuuza kale kuti ndili ndi mnzanga mPhiri ali kutali, anati mukabwera mudzamupeze pa msasa wa anthu a ku Dedza.

Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
Banda