Kalata yochokera ku Mkanda

Mkanda, Mchinji

Achimwene okondedwa,

Kalata yanu inandipeza ndili ndi matope mpaka m'zigongono, ndipo ndinaseka nditawerenga kuti ku Glasgow kumeneko aphunzitsi anu amakuletsani kuthamangira kuzula dzino, chifukwa ine kuno ndakhala ndikuzula soya sabata yonse. Ophunzira a ku yunivesite anabwera kudzayesa ngati inokulanti, mankhwala akuda aja opaka mbewu isanabzalidwe, amathandizadi m'dothi lathu lamchenga, ndipo ine monga mlangizi ndine amene ndimawalondolera.

Munda tinaugawa m'timinda tating'onoting'ono, ndipo kuti kamunda kati kalandire mbewu yopaka kapena yosapaka, tinachita maere ndi timapepala m'chipewa. Mwini munda, bambo wachikulire, anafuna kuti mbewu yopakayo ipite pafupi ndi chulu pomwe chimanga chimamuchitira bwino, koma mtsikana wotsogolera gululo anakana mwaulemu, nati zikatero sitidzadziwa ngati chagwira ntchito ndi mankhwala kapena chulu. Soya atayamba maluwa tinakumba mapesi asanu m'mizere yapakati ya kamunda kalikonse, kutsuka mizu m'ndowa, ndi kuwerenga timibulu tomwe timamera pamizupo. Mukadula kambulu ndi lezala n'kupeza mkati mofiirira ngati nyama, ndiye kuti tizilombo ta Bradyrhizobium, tomwe timakhala mu inokulanti muja, tikukoka nayitrojeni kuchokera mumpweya. Kakakhala koyera kapena kobiriwira, kangokhalapo chabe.

Chimene chikundivutitsa maganizo n'chakuti phesi lomwe tazula lafa, ndipo sitidzaonanso mizu yake mwezi wamawa. Timizu tating'ono kwambiri, tomwe timamwa madzi, timadukira m'nthaka momwemo ngakhale khasu lilowe mosamala chotani. Anandifotokozera kuti kwina amakwirira mapaipi oonekera mkati mopendeketsa pansi pa mbewu, n'kumalowetsamo kamera kuti ajambule muzu umodzimodziwo sabata ndi sabata osaukhudza. Ndikadakonda kuona kaufiti akulumikiza muzu wake ku chimanga mwanjira imeneyo, popeza ife timamuona atatuluka kale, chimanga chitapinimbira.

Apa ndi pomwe nkhani yanu inandigwira mtima. Njira ya ART (Atraumatic Restorative Treatment) yomata dzino lobooka popanda makina, yomwe mukuifufuza, inayambira kwa anansi athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, pamene Jo Frencken, dotolo wa mano wa ku Netherlands, ankagwira ntchito m'malo opanda magetsi. Kukokota povunda pokha ndi kachitsulo kam'manja konga kasupuni, kenaka kumata ndi glass ionomer, phala lomatira mano lomwe limatulutsa mankhwala olimbitsa mano a fluoride pang'onopang'ono, ndi ntchito yotheka pabenchi ya pasukulu yapulayimale. Kuno munthu amapirira dzino mpaka tsaya litatupa, ndipo akafika kuchipatala chotsala chimangokhala kulizula.

Ndakondwera ndi nzeru yoyesa njira ziwiri m'kamwa mwa mwana mmodzi, dzino lakumanja njira iyi, lakumanzere inayo, mwamaere, pakuti shuga amene mwanayo amadya ndi yemweyo mbali zonse. Kumeneko ndi kuthana ndi chulu chija. Komabe ngati mudzabweretse kafukufukuyu kuno, ndikuchenjezeni za kudikira. Mwati dzino lomatidwa liyenera kuonedwanso pakatha chaka, zaka ziwiri, ngakhale zitatu. Soya wanga sachoka pamzere pomwe ndinamusiya, koma ana a matenanti a m'maesiteti a fodya ku Mchinji ndi ku Kasungu amasamuka msika ukangotsekedwa, ndipo pa ana amene mudzalembe mu Okutobala, ena simudzawapezanso. Mudzayambe mwakhala pansi ndi mafumu ndi makolo, chifukwa mlendo wotsegula pakamwa pa ana popanda kufotokoza bwino amabala mphekesera zomwe galimoto silingazipitirire.

Popeza maphunziro a udotolo wa mano anayamba ku Malawi kuno mu 2019 mothandizana ndi yunivesite yanuyo, mundiuze ngati gawo lina la ntchito yanu mudzachitire ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Zokolola za timinda tija tidzaika pasikelo mu Epulo, ndipo bambo wa chulu uja wanenetsa kuti adzaimirira pafupi ndi sikeloyo.

Ine mnzanu wa ku Mkanda