Mwana wanga waphunzira kusambira ku Joni, chonsecho nyanja ili kwathu

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko pang'ono kuchokera kuno ku Johannesburg komwe ndakhala zaka zingapo ndikugwira ntchito ya m'magadeni. Za mapepala ndi za mabasi a pa Beitbridge ena analemba kale, ine yanga ndi ya mapaki ndi maiwe osambiramo, chifukwa nyengo yotentha yafika ndipo zomwe ndikuona Loweruka lililonse zikungondikumbutsa kwathu.

Kuno kutentha kumabwera limodzi ndi mvula, osati ngati kwathu komwe Okutobala amayamba watiwotcha kaye mvula n'kudzabwera pambuyo. Mitengo ya jacaranda ikangochita maluwa ake a pepo aja umadziwa kuti basi zayambika, maiwe a khonsolo amakhala atatsegula kale ndipo amakhala choncho mpaka cha m'Malichi. Ikafika pa 16 Disembala, lomwe ndi tsiku la holide, makampani a zomangamanga atseka, masukulu atseka, ndiye ngati iwe sunakwere basi yopita kumudzi malo ako ndi ku paki basi, ungapitenso kuti ndi ka chipinda kamodzi ka lendi kotentha ngati uvuni.

Ife timakonda ku Zoo Lake, moyang'anizana ndi kosungira nyama kuja, kungodumpha msewu wa Jan Smuts. Polowa sulipira kanthu. Umangofika ndi chitenje chako n'kuyala pa kapinga, wina wabwera ndi mbaula akuwotcha nyama, ena akupalasa timaboti tobwereka pakati pa damu pomwe pali kasupe wothovoka uja, anyamata ali pa basketball, agogo ena akuponyera abakha nyenyeswa za buledi, ndipo ukatchera khutu umamva Chizulu, Chisotho, Chishona, Chingerezi, mwadzidzidzi wina kumbuyo kwako akuti "aise tabwera kuno" ndiye mumangoyang'anana n'kuseka, wakwathu uyu. Pakiyi imadziwikanso ndi zoimbaimba za Jazz on the Lake zomwe kwa zaka zambiri zakhala zikuchitika cha mu Seputembala, anthu kudzaza bwalo lonse. Ndipo amene amakonda kuthamanga ali ndi parkrun m'mapaki ena a mzinda uno, makilomita 5 Loweruka m'mawa, yaulere, yomwe m'dziko muno inayambira ku Delta Park mu 2011. Ine ndinayesako kamodzi ndinafika kumapeto ndikuyenda ngati nkhalamba, koma palibe anandiseka.

Chomwe chinandigwira mtima ndi mbiri ya malowa. Anaperekedwa ku mzinda mu 1904 ndi kampani ya migodi ya Wernher, Beit & Co, pokumbukira malemu Hermann Eckstein, mkulu wina wa za migodi, ndipo anachita kulemba kuti pakiyo ikhale ya anthu a mitundu yonse. Ndiye ngakhale nthawi ya tsankho ija, lamulo la 1953 litagawa mabenchi, zimbudzi, magombe ndi maiwe kuti awa ndi a azungu awa ndi a anthu akuda, lamulo lomwe linadzachotsedwa mu 1990, pa Zoo Lake anthu ankakhalabe limodzi. Pepala limodzi lokha, lolembedwa bwino, lateteza malo kwa zaka zoposa 120 pakati pa nyumba zodula zedi. Akanakhala malo ongosiyidwa bwenzi pano pali ma flat okhaokha.

Tsopano za dziwe. Pambali pa paki yomweyo pali swimming pool ya khonsolo, pakhomo umalipira kandalama kochepa, ana amalipira kocheperapo, ndipo mkati muli ma lifeguard okhala ndi wezulo amene ntchito yawo ndi kungoyang'ana m'madzimo tsiku lonse. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 9, chaka chatha ankangogwira khoma n'kumamenya miyendo, amake ali kunja mtima uli m'mwamba akukuwa kuti usapite uko, usapite uko. Mnyamata wina wa lifeguard ndi amene anamuuza kuti agone chagada atambasule manja asiye kulimbana ndi madzi, ndipo atayandama koyamba anatuluka akukuwa ngati wawina mpikisano. Lero akudutsa dziwe lonse. Chinanso chomwe ndaphunzira, kuno mphezi si yosewera nayo, mitambo ikangoda cha m'ma 3 koloko masana wezulo imalira aliyense atuluke, palibe zokambirana, olo unene kuti ndangolipira kumene.

Manyazi ali kwa ine bambo ake. Ndinakulira ku Ndirande, ndili ndi zaka zopitirira 40, kusambira sindidziwa. Ife kusambira kwathu kunali kothawa, kupita ku Nasolo kapena ku Mudi mozemba, madzi ake inu mukuwadziwa, pobwera khungu litatuwa amayi akungokuona n'kuthyola kamtengo, chifukwa iwo ankadziwa kuti mwana akamira kumeneko palibe womuvuula. Sankalakwa. Koma mapeto ake ndi oti tinakula tikuopa madzi, dziko loti lili ndi nyanja kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi, ndipo tikapita ku Salima pa Khrisimasi timangoviika mapazi n'kujambulitsa. Ana a m'mbali mwa nyanja okha ndi amene amadziwa, a m'tauni ngati bambo ako alibe ndalama ya dziwe la ku hotela kapena ya sukulu zodula zija ndiye basi iwalako.

Musaone ngati ndikuti kuno zonse zili bwino ayi. Dziwe lina lapafupi ndi komwe tikukhala lakhala lotseka nthawi yaitali, madzi obiriwira, achule okhaokha, ndipo madzi a m'mipopi akavuta ena amatsekanso. M'mapaki ena sungayerekeze kutulutsa foni kukayamba kuda, ndipo Lamulungu madzulo mabotolo amakhala mbwee pa kapinga, zomwe zimandipweteka kwambiri ine wa m'gadeni chifukwa ndikudziwa thukuta la kapinga. Mitsinje nayo imapha, mu Disembala 2022 madzi osefukira mu Jukskei anakokolola anthu omwe anali pa mapemphero a ubatizo, oposa 10 anamwalira. Koma pomwe dziwe likugwira ntchito, mwana wa wantchito wa m'nyumba ndi mwana wa bwana amadumphira m'madzi amodzi, wowayang'anira ndi mmodzi.

Ndiye funso langa kwa akuluakulu a mizinda yathu, makhansala ndi aphungu omwe, ndi loti kodi Okutobala akafika mwana wa ku Mbayani, wa ku Kawale, wa ku Chibavi apite kuti? Ku Blantyre tili ndi Njamba, malo aakulu abwino pomwe Papa John Paul II anachitira misa mu 1989, koma ambiri timangowadziwa ngati bwalo la misonkhano ya ndale ndi ya mapemphero, msonkhano ukatha fumbi lokhalokha. Bwanji pasakhale mithunzi yokwanira, mabenchi, zimbudzi zoti munthu n'kulowamo, ndi tsiku limodzi pa mwezi loti magulu a kwaya, a beni, a masewero a ana azisonkhana popanda chipani chilichonse? Sizifuna mabiliyoni zimenezo. Ku Lilongwe kunamangidwa dziwe chifukwa cha masewero a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa (Region 5) a mu 2022, ine pempho langa ndi loti masukulu a boma azipatsidwa masiku awoawo, ana a pulaimale azipita kalasi ndi kalasi ndi mphunzitsi wa kusambira, lisamangodikira mpikisano. Ndipo malo onse omwe pa mapu analembedwa kuti ndi paki atetezedwe ndi pepala lolimba ngati la ku Zoo Lake lija, asamangosanduka mapuloti usiku umodzi.

Loweruka likubwerali tikupitanso, ndipo mwana uja wandiuza kuti ulendo uno sindikhala pa benchi ndi zikwama, akufuna andiphunzitse kugona chagada kumbali kosaya. Kabudula ndagula kale.

Ine wanu,
Tchona wa ku Johannesburg