Wogula galimoto yakale aziyamba wasuzumira m'kati

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene akusonkhanitsa kandalama kuti agule galimoto yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Toyota Vitz, Passo, Honda Fit, Mazda Demio kapena Nissan March, zomwe zadzaza m'misewu yathu chifukwa sizimwa mafuta ambiri. Ine ntchito yanga ndi yosoka ndi kukonza mipando ya galimoto, ndipo ambiri mwa amene amafika pamalo anga amakhala kuti agula galimotoyo masabata awiri kapena atatu apitawo, kenako avundukula nsalu zokutira mipando n'kupeza zomwe wogulitsa sanawauze.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Mmalawi pa kaunjika sapusitsidwa. Akatola malaya amawatembenuza, n'kuyang'ana kolala, m'khwapa ndi m'matumba, chifukwa amadziwa kuti m'menemo ndi momwe chovala chimaululira zaka zake. Koma munthu yemweyo akafika pogula galimoto ya ndalama zankhaninkhani amangoizungulira kunja, kusisita penti, kumenya tayala ndi nsapato, kumvera kulira kwa injini, kenako n'kuwerenga makilomita pa dashibodi ngati kuti ndi mawu a m'Baibulo. Nambala imeneyo munthu wodziwa angathe kuibweza m'mbuyo ndi kachipangizo ka kompyuta, ndipo penti amapopera tsiku limodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kubisa kutha kwa m'kati kumadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake ogulitsa ambiri amangokutira.

Mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale, anandibweretsera Passo yomwe inkaonetsa makilomita osafika 60,000, akudandaula kuti msana ukuwapweteka akayendetsa. Nditachotsa chokutira mpando wa dalaivala, ndinapeza siponji ya mbali yakumanja, yomwe munthu amaitsamira polowa ndi potuluka, itaphwanyika mpaka chitsulo cha m'kati chikumveka ndi chala. Ndinagwada n'kuunika ndi tochi pansi pa chiwongolero: labala wa popondera buleki anali atadyeka pakona mpaka kuonetsa chitsulo chonyezimira, ndipo kapeti inali itabooka pomwe pamakhala chidendene. Chiwongolero chinali chitasalala ngati mpini wa khasu lakale, tizizindikiro toyera ta pa mabatani otsitsira magalasi titafufutika. Lamba wa pampando ndikamukoka ankabwerera mwaulesi. Sindinafunikire kutsegula boneti kuti ndidziwe kuti galimotoyo inayenda kuposa zomwe inkanena.

Malo amenewa ndi amene wogula ayenera kuwaona pamodzi, n'kudzifunsa ngati akugwirizana ndi nambala ya pa dashibodi. Ndikuti pamodzi chifukwa chizindikiro chimodzi chingathe kunamiza. Galimoto yoyenda maulendo aafupi m'tauni, yomwe mwini wake amakwera ndi kutsika kakhumi patsiku, imatha mpando msanga ngakhale makilomita ali ochepa. Nsalu ndi pulasitiki za m'galimoto zotchipazi nazonso n'zopepuka, ndipo dzuwa lathu limang'amba dashibodi ngakhale galimoto ingokhala pabwalo. Koma chiwongolero, popondera, mpando ndi ndodo ya giya zikatha zonse, apo palibenso chokambirana. Komanso labala watsopano wa popondera buleki m'galimoto ya zaka khumi ndi zisanu ine amandikayikitsa kuposa wakutha.

Galimoto zambiri zamtunduwu zimachokera ku Japan, kudutsa pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo zimakhala ndi mapepala omwe ogula ambiri safunsa n'komwe. Zogulidwa pa okushoni (msika wopikisana mitengo) ku Japan zimakhala ndi pepala lomwe woyendera amalembapo giredi ya galimoto yonse, monga 4.5, 4 kapena 3.5 (nambala ikakula, galimotonso ndi yabwinopo), ndipo R imatanthauza kuti inakonzedwapo itachita ngozi. Pambali pake pamakhala chilembo choimira m'kati mokha, A kutanthauza mwaukhondo kwambiri, B mwabwino, C muli madontho kapena popsa ndi ndudu, kutsika choncho. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita a pa nthawi yoyesayo amalembedwa pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Nthawi zinanso mumapeza kapepala komatidwa m'mphepete mwa chitseko kosonyeza makilomita omwe anathirira oyilo. Zilembo zake n'zachijapani, koma manambala ndi omwewa timawadziwa, ndipo ndaonapo kapepala kotere kakutsutsana ndi dashibodi ya galimoto yomweyo.

Yomwe yayendapo kale kuno kwathu imafuna diso lina, makamaka Toyota Sienta, imene ambiri aisandutsa takisi. Mwini wake angalumbire kuti inali ya banja, yopitira kutchalitchi basi, koma mpando wakumbuyo ndi umene umachitira umboni. Mukakhalapo n'kumva mukumira pakati, zogwirira za kudenga zili lendelende, chitseko chotsetsereka chikulimba, pulasitiki ya m'buti ili mikwingwirima yokhayokha, dziwani kuti munkalowa anthu oposa asanu ndi awiri omwe inapangidwira, pamodzi ndi matumba awo. Feteleza wotayikira m'buti amadya chitsulo, choncho kapeti ya kumeneko iyenera kunyamulidwa.

Koma chomwe ndikufuna kutsindika kwambiri ndi madzi. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa March 2023, madzi ndi matope zinalowa m'galimoto zambiri kuno ku Blantyre, ndipo ku Japan nakonso madzi amasefukira kawirikawiri nthawi ya anamondwe. Galimoto yomizidwa ikatsukidwa bwino imaoneka ngati ina iliyonse, ndipo imalira bwinobwino tsiku logula, koma mawaya ndi zolumikizira zamagetsi zomwe zimadutsa pansi pa kapeti zimayamba kuchita dzimbiri pang'onopang'ono, mavuto n'kumatuluka limodzilimodzi patapita miyezi. Kankhirani mpando kutsogolo muone njanji zake ndi mabawuti ngati ali ndi dzimbiri. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto, chifukwa otsuka amaiwala gawo lokulungika m'kati, ndipo mzere wa matope umatsalira pamenepo. Tulutsani tayala la sipeya muone ngati pansi pake pali dothi louma. Kenako tsekani magalasi onse galimoto ili padzuwa, dikirani pang'ono, mulowe n'kununkhiza. Fungo la chinyezi silibisika, ndipo mukapeza tonunkhiritsa titatu tikulendewera pagalasi, funsani chomwe tikuphimba.

Pomwepo tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati nyali zochenjeza zonse zayaka. Ya airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pangozi kuteteza munthu, iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenako n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaithimitsa dala, ndipo ngati pakati pa chiwongolero kapena dashibodi ya mbali ya wokwera pakuoneka pomatidwa kapena posiyana mtundu, n'kutheka kuti airbag inaphulika pangozi ndipo sanabwezeretse ina.

Sindikunena kuti kabowo ka ndudu, dontho la tiyi kapena nsalu yong'ambika zibweze munthu. Zimenezo timakonza pamtengo wochepa, ndipo wogula wochenjera amazigwiritsa ntchito potsitsa mtengo. Zoti munthu atembenuke n'kumapita ndi madzi, airbag yokayikitsa, ndi lamba wothetheka, popeza lamba sasokedwa ayi, amasinthidwa yense.

Pempho langa kwa ogulitsa galimoto ndi madobadoba awo n'lakuti azilola wogula kuchotsa zokutira mipando ndi chiwongolero, kunyamula makapeti, ndi kuona galimotoyo masana, osati madzulo dzuwa litapendeka. Mayi a Passo aja anandiuza kuti atapempha kuvundukula mpando, anauzidwa kuti zokutirazo n'zatsopano, zingang'ambike. Siponji ndinawaikira ina ndipo msana unasiya kupweteka, koma ngongole yomwe anatenga pogula galimotoyo akubwezabe mwezi ndi mwezi.

Ine wanu,
Wosoka mipando ya galimoto,
Blantyre