Mphoto za kafukufuku zikubwera ntchito itatha kale

Okondedwa Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinene maganizo anga pa nkhani ya ndalama zothandizira kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi ya udokotala m'madipatimenti a mayunivesite. Ndakhala m'komiti yogawa ndalama zoterezi kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti timathamangira kupereka mphoto kwa wophunzira amene wamaliza kale ntchito, pamene kandalama kamene amakafuna poyamba penipeni timakachedwetsa kapena kukakwirira pansi pa mulu wa mafomu.

Chaka ndi chaka pamakhala mwambo. Wophunzira amene walemba kafukufuku wapamwamba amaitanidwa kutsogolo, amalandira satifiketi ndi envelopu, anthu n'kuomba m'manja. Sindikutsutsa zimenezi, poti wogwira bwino ntchito ayenera kuyamikiridwa. Komabe pa mwambo wotere mtima wanga umakhala pa amene sanabwere, amene analembetsa tsiku limodzi ndi wopambanayo koma analekezera panjira, osati chifukwa cha ulesi kapena kuchepa nzeru, koma chifukwa chosowa ndalama yoyendera kukatolera zofufuza, yogulira mankhwala a mu labotale, kapena yolipirira chilolezo chochitira kafukufuku pa anthu.

Mmodzi wa iwo sindimuiwala. Anali kufufuza za tizilombo timene timanyamula mungu wa mtengo wina umene umachita maluwa kwa masabata ochepa okha pachaka. Komiti yathu inavomera pempho lake nthawi ilipo, koma lamulo linali lakuti wophunzira ayambe wagwiritsa ntchito ndalama zake, kenako abweretse malisiti kuti abwezeredwe. Anabwera mu ofesi yanga atanyamula kalata yomuvomera ija m'kapepala ka pulasitiki kuti isade, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti ndalama zoti adzabwezeredwezo azipeza kuti. Ndinasowa chomuyankha. Pamene amatha kukongola kwa achibale n'kufika kumalo ofufuzirako, maluwa anali atayoyoka, ndipo anayenera kudikira chaka chathunthu, nthawi imene thandizo lake la fizi linali litatha. M'kaundula munangolembedwa kuti anachedwa kumaliza. Cholakwacho ndili nacho mbali, chifukwa lamulo la malisitilo ndinalivomera nawo ine mwini, ndikuganiza kuti tikuteteza ndalama kwa akamberembere. Zoona zake n'zakuti lamulo lotere limasefa ophunzira potengera kulemera kwa matumba a makolo awo.

Vuto lina lili m'mafomu momwemo. Timafunsa wopempha kuti watulutsa nkhani zingati m'magazini a sayansi, wapita ku misonkhano ingati, ndipo analandirapo thandizo lanji m'mbuyomu. Amene anapeza mwayi kamodzi ndiye amadzaza mizere yonseyi, n'kupambananso kachiwiri ndi kachitatu, pamene amene akuyamba kumene amasiya mizere yopanda kanthu. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Robert Merton, analemba za khalidweli m'chaka cha 1968 n'kulitcha dzina la Mateyu, potengera mawu a pa Mateyu 25:29 onena kuti amene ali nazo adzawonjezeredwa, ndipo amene alibe adzalandidwa ngakhale chochepa chimene ali nacho. Merton ankanena za akatswiri otchuka amene amakolola ulemu wonse, koma ine ndaona zomwezo zikuchitika patebulo la komiti yaing'ono ya dipatimenti, pakati pa achinyamata amene sanakwanitse n'komwe zaka ziwiri akufufuza. Ndiwonjezere kuti dzina la mphunzitsi woyang'anira wophunzirayo limalemera pa sikelo kuposa mmene timavomerezera pagulu.

Mabungwe ena akuluakulu anazindikira kuti pakati pa mapempho abwino ofanana, oweruza sangathe kusiyanitsa mwachilungamo. Bungwe la Health Research Council la ku New Zealand linayamba m'chaka cha 2013 kuchita mayere pogawa thandizo lake lotchedwa Explorer Grants, ndipo British Academy inayamba kuyesa njira yofananayo m'chaka cha 2022 pa thandizo lake laling'ono la kafukufuku. Akatswiri amayamba achotsa mapempho osakwanira, kenako otsalawo amasankhidwa mwamayere. Nditamva koyamba ndinaseka, ndikuona ngati n'kuthawa udindo. Pano ndasintha maganizo, chifukwa ndakhalapo pa misonkhano imene tinatha maola awiri tikukangana za mapempho awiri osiyana ndi theka la malikisi, mapeto ake n'kupambana wophunzira wa mnzathu wolankhula mokweza.

Ena anganene kuti kafukufuku wa ophunzira ndi wophunzirirapo chabe, kotero sayenera kudandaulitsa anthu. Mbiri ya sayansi ikutsutsa zimenezo. M'chaka cha 1967, Jocelyn Bell Burnell anali wophunzira wa digiri ya udokotala pa yunivesite ya Cambridge pamene anaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala ataliatali otuluka m'makina ounikira zakuthambo, makina amene anathandiza kumanga ndi manja ake. Umo ndi mmene nyenyezi zotchedwa pulsar zinadziwikira. Mphoto ya Nobel ya 1974 inapita kwa mphunzitsi wake Antony Hewish pamodzi ndi Martin Ryle, iye osatchulidwa. Donna Strickland naye, amene analandira Nobel m'chaka cha 2018, anailandira chifukwa cha ntchito imene anachita mu 1985 ali wophunzira pa yunivesite ya Rochester. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene Bell Burnell anachita m'chaka cha 2018 atapatsidwa mphoto ya Breakthrough ya madola 3 miliyoni a ku America. Ndalama zonsezo anazipereka ku Institute of Physics, bungwe la akatswiri a fizikisi, kuti zizilipirira ophunzira a udokotala ochokera m'magulu amene sapezeka kawirikawiri m'maphunziro a fizikisi. Munthu amene mphoto inamulambalala ali wamng'ono anadziwa bwino kuti mmera m'poyamba.

Sindikupempha chuma chimene madipatimenti alibe. Ndalama zomwezo zimene zilipo zingagwire ntchito yaikulu ngati gawo lalikulu la thandizo litamaperekedwa wophunzira asanapite kukafufuza, malisiti n'kubwera pambuyo, ndipo wolephera kuwabweretsa asalandire gawo lotsalalo. Mapempho azilandiridwa kangapo pachaka, osati kamodzi, popeza nyengo ya maluwa, ya mvula kapena ya kuswana kwa nyama siidikira kalendala ya komiti. Payenera kukhalanso thumba lapadera la amene sanalandirepo kalikonse, limene fomu yake ingofunsa za funso limene akufuna kuyankha ndi mmene adzaliyankhire. Ndipo wokanidwa aliyense azilembedwera zifukwa zake, ngakhale m'mizere itatu yokha, chifukwa kalata yongonena kuti mapempho anachuluka siimuphunzitsa kanthu.

Pa nkhani ya mphoto za kumapeto kwa chaka, ndingakonde kuti envelopu ija ichepetsedweko, satifiketi ndi kuomba m'manja zikhalebe, ndipo ndalama zotsalazo zipite kwa ophunzira a chaka choyamba amene akukonzekera ulendo wawo woyamba wokafufuza. Maganizo amenewa ndikawapereka pa msonkhano wotsatira wa komiti yathu, ndipo ndingakondwe kumva kudzera m'nyuzipepala yanu ngati pali madipatimenti amene anasiya kale lamulo la malisitili ndi mmene zinthu zinawayendera.

Ine wanu,
Mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wa ophunzira