Zojambula za mizere ndi madontho si zachilendo ku Dedza

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi amene akunena kuti zojambula zamakono, zopanda nkhope ya munthu kapena nyama, ndi zolembalemba za amisala. Kuno ku Chongoni, komwe bungwe la UNESCO linakuzindikira ngati malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira za Akafula zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira basi, ndipo zinalipo kale Kandinsky, mmisiri wa ku Russia yemwe anatchuka ndi zojambula zamakono zotere, asanabadwe.

Vuto ndi kaonedwe. Chojambula chotere chimafuna uime kaye mamita atatu, uone pomwe diso likuyambira ndi mtundu umene wakula mphamvu. Kenako usendere, uone mmene burashi inayendera, pomwe penti anamuunjika ndi pomwe anangopaka pang'ono. Zoti mwiniwake sapesa tsitsi kapena amagona masana, izo n'zake.

Chowawa n'choti ku Chongoni ena amathira madzi pamwala kuti foni ijambule bwino. Zojambula zoyera za pamiyalayi ndi dothi, zimasukuluka. Utsi wa osaka mbewa ndi maina olembedwa ndi makala zikumaliza zotsalazo.

Boma liike zikwangwani za Chichewa zoletsa zimenezi, ndipo aphunzitsi a Expressive Arts azipita ndi ana ku Chentcherere kapena ku Mphunzi, ena mwa malo a zojambulawa, kamodzi pachaka, atanyamula mapepala ndi mapensulo.

Wokonda zaluso,
Dedza