Ukukumbukira matepi aja?

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mchinji tili bwino, mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki kudzala mtedza.

Mu uthenga wako unati kamwana kako sikachoka pa Takalani Sesame, pulogalamu ya ana ya zidole ya pakanema wa ku South Africa. Nditawerenga, mtima wanga unabwerera kunyumba kwa amalume ako, pa mphasa ija tinkadzadzana ana a mudzi wonse, kanema akuyendera batire ya galimoto. Wailesi yakanema ya dziko lino, TVM, inali itangoyamba kumene mu 1999, koma ife chomwe tinkathamangira chinali matepi a Sesame Street amene amalume ankabwera nawo kuchokera ku Joni. Pulogalamu yopangidwa ku America kuyambira 1969, ife nkumaionera kuno kumalire a Zambia, Chingerezi chake tikungotolamo apa ndi apo!

Chomwe chimandisowa kwambiri ndi chilombo cha mitu iwiri chija. Mutu wina unkatchula chiyambi cha liwu, winawo mapeto ake, zilembo nkumasenderana pang'onopang'ono mpaka liwu lathunthu kutuluka. Ife tinkakuwa yankho chisanamalize. Palibe ankaopa kulakwitsa, palibe ankayang'ana kuti ndodo ili kuti. Tsiku lililonse linali ndi chilembo chake, ndipo tikamapita kumjigo tinkapikisana kutchula zinthu zoyamba ndi chilembocho. Wolephera ndiye ankasenza ndowa yaikulu.

Masiku ano ndimakhala ndi mwana wa achemwali wa sitandade 2. Ba be bi bo bu amaimba bwino zedi, koma ukamulembera liwu amaima njo. Ndiye ndayamba kusewera naye monga tinkachitira: ine ndimati “pa”, iye “la”. Kenako ndimalowetsa h pakati nkumufunsa ngati “pala” ndi “phala” nchimodzi. Tapanga chimodzimodzi ndi “kola” ndi “khola”, iye kuseka mpaka kugwa pansi. Pano amangofuna yekha mawu otere nkumandiyesa ine.

Apa mpamene mtima umandiwawira, mnzanga. Chichewa chathu chimalembedwa mmene chimamvekera, maphatikizo ake ngoonekeratu, ndiponso tili ndi ndagi ndi zilape zosawerengeka. Chinenero chotere nchoyenera pulogalamu yakeyake ya pakanema, ya zidole zoyankhula ngati ana a kwa Mkanda kapena ku Kamwendo. Tikwere, pulogalamu yophunzitsa ana ya pawailesi, inayesetsa, ndipo ndimailemekeza, koma mwana amafunanso aone chilembo chikuyenda ndi maso ake. Mafoni alipo mmidzi muno, koma ana amangoonerapo magule ndi makatuni osamveka.

Ndikupempha, ukabwera pa Khirisimasi undiikire zigawo zingapo za Takalani pa memori khadi. Ndikufuna ndionetse aphunzitsi awiri a kuno, tione ngati tingasoke zidole zathu za nsanza nkujambula kenakake pafoni. Mawu a mutu wachiwiri udzayankhula ndiwe.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mnzako wa ku Mchinji.